Pepala lanu likapita ku journal: njira yomwe limadutsa ndi zomwe muyenera kuchita

Tsiku lomwe ndinatumiza pepala langa loyamba la kafukufuku ku journal, magazini yosindikiza zotsatira za kafukufuku, ndinagona tulo ta munthu amene wamaliza kukolola. Patatha miyezi inayi kunabwera imelo yokhala ndi ndemanga 41, ndipo woyamba mwa ounika anatsegula nkhani yake pofunsa ngati ndikuwasiyanitsa mawu awiri omwe ndinawalemba pamutu penipeni pa pepalalo. Ndinatseka laputopu, sabata yonse osabwererako. Asupavaiza anga atamva anangoseka. "Achimwene, akukanani?" Ndinati ayi. "Nanga maliro ake ndi ati? Kakhaleni pansi muwayankhe."

Malangizo awa ndi a amene ali pomwe ndinali nthawi imeneyo: mwamaliza Masters kapena muli mkati mwa PhD, kapena ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite yafika poti kukwezedwa kukudikira mapepala. Chomwe pachingerezi amati peer review ndi ichi: pepala lisanasindikizidwe, mkonzi wa journal amalipereka kwa akatswiri anzanu awiri kapena atatu kuti alisanthule, anene ngati zomwe mukunenazo zikuchokeradi mu kafukufuku wanu. Ounikawa kawirikawiri salipidwa. Amawerenga pepala lanu usiku, atatopa ndi ntchito zawo. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zomwe zikutsatirazi zizimveka zokha.

1. Sankhani journal musanamalize kulemba

Ambiri timalemba kaye, kenako n'kumayendayenda ndi pepala ngati wogulitsa tomato wofuna msika. Yambani ndi msika. Tsegulani tsamba la journal, werengani pomwe afotokoza nkhani zomwe amalandira, kenako werengani mapepala atatu kapena anayi omwe asindikiza chaka chino. Ngati lanu silikufanana nawo m'mutu, m'kutalika ndi m'kalembedwe, pitani kwina. Kafukufuku wa momwe chipatala chimodzi cha boma chikusamalira odwala shuga angalandiridwe bwino ku Malawi Medical Journal kusiyana ndi ku journal ya kunja yomwe imafuna zotsatira zokhudza mayiko ambiri. Journal ngati PLOS ONE, yomwe inayamba mu 2006, imayang'ana ngati kafukufuku anachitika moyenera, siifunsa ngati zotsatira zake n'zogwedeza dziko.

Chenjerani ndi ma journal a chinyengo. Mukangoika dzina lanu pa pepala limodzi, maimelo ayamba kugwa ngati ngumbi, kukutchulani "Esteemed Professor" pamene digiri yachiwiri simunailandire, n'kulonjeza kuti asindikiza m'masiku asanu. M'masiku asanu palibe amene angapeze ounika, kuwadikira awerenge, n'kulandira ndemanga zawo. Mu 2013 mtolankhani wa zasayansi John Bohannon anapeka pepala lonena kuti mankhwala ochokera mu ndere amaletsa khansa, n'kuikamo dala zolakwika zoti wophunzira aliyense wa sayansi angazione. Analitumiza ku ma journal 304, pogwiritsa ntchito mayina opeka a anthu ndi a masukulu a mu Africa. Ma journal 157 analilandira. Ndalama zikapita kumalo otere sizibwerera, ndipo komiti yokweza anthu pantchito ikaliona pepalalo pa CV yanu imangolidumpha, mwinanso n'kukukayikirani. Fufuzani dzina la journal m'makaundula a ma journal a pa intaneti, monga pa DOAJ, pa African Journals Online, pa PubMed kapena pa Scopus, mwa inu nokha, osangokhulupirira zizindikiro zomwe aika patsamba lawo.

Nkhani ya ndalama ionereni pomwepa. Ma journal ambiri omwe amawerengedwa mwaulere amalipiritsa wolemba, ndipo ena mtengo wake ndi madola masauzande angapo. Ambiri mwa osindikiza akuluakulu amachotsera kapena kukhululukiratu olemba a m'mayiko osauka, Malawi ali m'gulumo, koma nthawi zambiri pempho limayenera kupita pomwe mukutumiza pepala, osati atalilandira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pemphani.

Ndipo pepala limodzi, journal imodzi. Kutumiza kuwiri nthawi imodzi ndi mlandu, ndipo zimadziwika, chifukwa pa mutu wanuwo akatswiri ndi ochepa, ma journal onse awiri akhoza kupempha munthu yemweyo kuti aliunike.

2. Konzani katundu yense musanatsegule tsamba lotumizira

Ma journal ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pa intaneti olandirira mapepala, monga ScholarOne, Editorial Manager kapena OJS. Onsewa amafunsa zinthu zambiri motsatizana, ndipo magetsi akathima muli pakati mumabwerera mmbuyo. Ikani izi mu foda imodzi:

Nambala ya chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ochita nawo kafukufuku. Kwathu kuno ndi COMREC, NHSRC kapena komiti ya yunivesite yanu. Ku Zambia ambiri amadzera ku UNZABREC. Chilolezochi chimatengedwa kafukufuku asanayambe, sichipemphedwa m'mbuyo mwa alendo. Ngati munayesa mankhwala kapena njira ya chithandizo pa anthu, pakufunikanso nambala ya kaundula monga PACTR.

Mayina a olemba nonse, mutagwirizana kale za amene akhale woyamba ndi womaliza. Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, omwe ma journal ambiri a zaumoyo amatsata, amati wolemba ndi amene anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku, potolera kapena posanthula deta, analemba nawo kapena kukonza pepala, wavomereza lomalizalo, ndipo ali wokonzeka kuyankhapo pakabuka funso. Abwana a dipatimenti amene sanaliwerenge n'komwe sakwanira pamenepa. Mnzanu amene anatha miyezi itatu m'midzi akufunsa anthu mafunso, mpatseni mwayi wolemba nawo kuti akwanire.

Nambala ya ORCID ya aliyense, yozindikiritsa wochita kafukufuku, yomwe imatengedwa mwaulere. Kalata yopita kwa mkonzi, ya tsamba limodzi: funso lanu linali lotani, mwapeza chiyani, n'chifukwa chiyani owerenga journal imeneyi angazifune. Fomu ya kalembedwe yogwirizana ndi mtundu wa kafukufuku wanu, kaya CONSORT, STROBE, PRISMA kapena COREQ. Ngati journal imabisa mayina a olemba, konzani fayilo yachiwiri yopanda dzina lanu, ndipo chotsaninso dzina lomwe Word imasunga mkati mwa fayilo.

Ena amapempha kuti mutchule anthu omwe angaunike pepalalo. Musatchule asupavaiza anu, mnzanu wa mu ofesi kapena munthu amene mwalemba naye posachedwa. Tchulani omwe mwawerenga ntchito zawo, ndipo mmodzi akhale wodziwa dera lathu lino.

3. Pakhomo: ofesi ya mkonzi

Pepala limayamba laonedwa ndi wa mu ofesi: mawu apyola malire kapena ayi, mafomu alipo, zithunzi zikuoneka. Kenako limalowetsedwa mu pulogalamu monga iThenticate yomwe imafufuza ziganizo zofanana ndi zolembedwa kale. Kukopera ndime za pepala lanu lakale kumagwidwanso. Ngati pepala lachokera mu thesis yomwe ili pa intaneti, nenani m'kalata ija kuti asadabwe.

Likadutsa apo, mkonzi amawerenga mutu, chidule, mwina ndi matebulo, n'kuganiza ngati kuli koyenera kuvutitsa ounika. Akaona kuti ayi, amalikana pomwepo, m'masiku ochepa kapena masabata awiri. Ku ma journal otchuka kwambiri mapepala ambiri amathera pano. Zimawawa, koma ndi kukana kwachifundo kuposa kuja kobwera patatha theka la chaka.

4. Kusaka ounika, ndi kudikira

Apa ndi pomwe nthawi imathera. Mkonzi amalembera akatswiri, ena amakana, ena sayankha n'komwe, ndipo amatha kulembera anthu khumi kuti apeze awiri. Ovomerawo amapatsidwa masabata awiri mpaka anayi, koma ochedwa ndi ambiri. Patsamba lanu muziona mawu akusintha: "With Editor", "Under Review", "Required Reviews Completed", "Decision in Process". Kulitsegula kasanu patsiku kumangotha bandulo.

Kaunikidwe kali mitundu itatu. Pena ounika amadziwa dzina lanu koma inu simuwadziwa. Umu ndi mmene ambiri a sayansi amachitira. Pena nonse simudziwana, zomwe n'zofala m'maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ngakhale kuti pepala lonena za mudzi wina wa ku Mangochi silivuta kuliganizira mwini wake. Pena zonse zili poyera: journal ya zachipatala ya BMJ imaulula mayina a ounika, ndipo Wellcome Open Research imayamba yaika pepala pa intaneti, ndemanga za ounika n'kumabwera pambuyo aliyense akuona.

Mwambowu si wakale monga ambiri amaganizira. Journal ya Philosophical Transactions ya Royal Society, bungwe la asayansi la ku Britain, inayamba mu 1665, koma journal ya Nature inakhazikitsa lamulo loti pepala lililonse lizipita kwa ounika akunja mu 1973. Mu 1936 Albert Einstein ndi Nathan Rosen anatumiza pepala ku Physical Review, mkonzi John Tate n'kulipereka kwa wounika amene anapezamo cholakwika. Einstein anakwiya, anati sanapereke chilolezo choti pepala lake lionetsedwe kwa wina lisanasindikizidwe, ndipo analichotsa. Pomwe linkatuluka ku journal ina chaka chotsatira, mfundo yake yaikulu inali itasintha. Wounika uja, Howard Robertson, ndiye ankanena zoona.

Ikadutsa miyezi itatu kuli zii, kapena nthawi yomwe journal inalonjeza yapyola, lembani imelo yaifupi yaulemu, muikemo nambala ya pepala, mufunse pomwe lafika. Kamodzi n'kokwanira.

5. Zomwe ounika amayang'ana

Funso la kafukufuku likumveka? Njira yomwe mwatsata ingayankhe funsolo? Anthu kapena zinthu zomwe munayeza zinasankhidwa bwanji, ndipo n'zokwanira? Masamu ali bwino? Ndipo chachikulu: zomwe mukunena kumapeto zikufanana msinkhu ndi zomwe mwapeza? Mwafunsa amayi 200 pa chipatala chimodzi cha m'tauni, kumapeto mwalemba za "amayi a m'Malawi". Wounika aliyense amaima pamenepo.

Dziwaninso chomwe sachita. Sabwereza kafukufuku wanu, ndipo kawirikawiri saona mafomu omwe munadzaza kumudzi. Amakhulupirira kuti manambala omwe mwalemba ndi omwe munapeza. N'chifukwa chake pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, lonena za ana 12 ndi katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri), linadutsa ku The Lancet, n'kudzachotsedwa mu 2010 litaopseza kale makolo ambiri. Mawu oti pepala linaunikidwa satanthauza kuti ndi uthenga wabwino wa m'Baibulo.

Wounika amalemba zigawo ziwiri, china cha inu, china cha mkonzi yekha. Iye amangolangiza. Chigamulo ndi cha mkonzi, ndipo ounika awiri akasemphana amatha kuitana wachitatu.

6. Kalata ya chigamulo

"Accept" pa ulendo woyamba ndi chinthu chosowa, musachiyembekezere. "Minor revision" ndiye kuti mwatsala pang'ono. "Major revision" ndi yomwe imagwetsa anthu mphwayi, chonsecho tanthauzo lake n'lakuti mkonzi akulifuna pepalalo ngati mungakonze. "Reject and resubmit" ndi khomo lotsekedwa koma losakhoma: pepala lidzalowa ngati latsopano. "Reject" ndi kukana.

Werengani kaye ndime ya mkonzi mwini, chifukwa nthawi zambiri amasonyeza ndemanga zomwe iye akuziona zazikulu. Onaninso tsiku lomaliza kubweza. Mukaona kuti simukwanitsa, pemphani masiku ena tsikulo lisanafike; ambiri amalola.

7. Kuyankha ounika

Mapepala ambiri omwe ndawaona akufa, afera pano, m'manja mwa eni ake.

Tsiku loyamba musayankhe kalikonse. Werengani, kwiyani, kadyeni nsima. Pakapita masiku awiri tsegulani fayilo yatsopano, mukopere ndemanga iliyonse mmene ilili, muipatse nambala: 1.1, 1.2, 2.1, mpaka kumapeto. Ndemanga imodzi ikakhala ndi mafunso atatu, igaweni patatu. Pansi pa iliyonse pakhale zinthu zitatu: yankho lanu, mawu atsopano omwe mwaika m'pepala, ndi tsamba ndi mzere pomwe ali. Cholinga n'chakuti wounika wotopa uja athe kuvomereza osatsegula n'komwe pepala lenilenilo.

Kenako zisanjeni m'milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zosavuta: chilembo cholakwika, tebulo losoweka mutu, chidule cha mawu chosamasuliridwa. Chitani zonse, ngakhale zomwe mukuona kuti n'zachabechabe. Mulu wachiwiri ndi wa zofuna thukuta, monga kubwereza masamu kapena kulembanso gawo lonse. Mulu wachitatu ndi wa zomwe simukugwirizana nazo kapena simungathe.

Nachi chitsanzo cha mulu woyamba chomwe chinandiphunzitsa zambiri. Ndinalemba kuti mafunso anafunsidwa ndi ma HSA m'nyengo ya dzinja. Wounika anafunsa: HSA ndi ndani, anaphunzira mpaka pati, ndipo nyengo imeneyi ndi miyezi iti? Mumtima ndinati, munthu uyu akuunika bwanji pepala la kuno osadziwa HSA? Koma owerenga a ku Lima kapena ku Dhaka nawonso sakumudziwa. Ndinawonjezera ziganizo ziwiri zofotokoza kuti awa ndi alangizi a zaumoyo olembedwa ndi boma omwe amagwira ntchito m'midzi, ndipo mvula kwathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Yankho linali lalifupi: tavomereza, tafotokoza pa tsamba 5, mizere 112 mpaka 116, mawu ake ndi awa. Wounika akalephera kumvetsa, choyamba ganizani kuti simunafotokoze bwino, ngakhale zitakhala kuti zinalembedwa kale penapake. Zisunthireni poonekera, m'malo momuuza kuti akawerengenso.

Mulu wachitatu umafuna mutu wozizira. Muli ndi ufulu wokana, koma kanani ndi umboni. Wounika wina anafuna kuti ndibwerere kukafunsa midzi ina isanu ndi umodzi. Ndalama za kafukufuku zinali zitatha kalekale. Sindinalembe kuti tilibe ndalama basi. Ndinavomera kuti midzi yambiri ikanalimbitsa zotsatira, ndinafotokoza mmene midzi yomwe tinafikayo inasankhidwira, ndinaika nkhaniyi pa gawo la zofooka za kafukufuku, ndipo ndinachepetsa mphamvu ya mawu anga omaliza kuti asapitirire dera lomwe tinayendamo. Anavomera. Nthawi zambiri wounika akapempha zosatheka, chomwe chikumuvuta ndi kukula kwa zomwe mukunena, ndiye mukazichepetsa nkhani imatha.

Ounika awiri akapempha zotsutsana, wina akuti fupikitsani mawu oyamba, wina akuti talikitsani, sankhani chimodzi, muwauze onse awiri chifukwa chake, ndipo mumudziwitse mkonzi m'kalata yake.

Palinso aja amene amakupatsani mndandanda wa mapepala asanu ndi awiri a munthu mmodzi kuti muwatchule. Simukufunika kuombeza kuti mudziwe wounikayo ndi ndani. Tchulani okhawo omwe akukhudzadi nkhani yanu, enawo fotokozani mwaulemu kuti sakugwirizana ndi mutu. Akaumirira, muuzeni mkonzi. Bungwe la COPE, lomwe lakhala likulangiza akonzi kuyambira 1997, limaletsa khalidwe limeneli.

Ndemanga yoti chingerezi chikonzedwe imabwera kawirikawiri dzina la wolemba likakhala la kuno, nthawi zina ngakhale chingerezicho chili bwinobwino. Imapweteka. Komabe perekani pepalalo kwa mnzanu wa diso lakuthwa aliwerenge mokweza, konzani zomwe apeze, muyankhe kuti lawerengedwanso. Kulimbana nayo sikupindula kanthu.

Pa kalankhulidwe: thokozani kamodzi koyambirira, ndiponso pomwe ndemanga yakuthandizanidi. Kuthokoza pa ndemanga zonse 41 kumamveka ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Musalembe kuti mwakonza pomwe simunakonze, chifukwa pepala kawirikawiri limabwerera kwa anthu omwewo. Mukasintha china chomwe sanapemphe, monga nambala yomwe mwaipeza nokha kuti inalakwika, nenani. Olemba anzanu onse aone mayankho musanatumize. Tumizani mafayilo atatu: kalata ya mayankho, pepala loonetsa zosintha, ndi pepala loyera.

Zikatero limapitanso kwa ounika, kapena mkonzi amagamula yekha ngati zosintha zinali zochepa. Maulendo awiri kapena atatu si zachilendo.

8. Akakana

Kudandaula kwa mkonzi kumatheka, koma kumagwira pokhapokha wounika atalakwitsa chinthu chooneka, monga kunena kuti mulibe chilolezo pamene nambala yake ili pa tsamba 4. Kusagwirizana pa kufunika kwa pepala si chifukwa chokwanira. Njira yachangu ndi kutenga ndemanga zija, kukonza zomwe zili zoona, kusintha kalembedwe kuti kagwirizane ndi journal yachiwiri, n'kutumiza mwezi usanathe. Osalitumiza mmene linalili, poti likhoza kukagweranso m'manja mwa wounika yemwe uja. Ndipo sinthani dzina la journal m'kalata yopita kwa mkonzi. Ine ndinaiwalapo.

9. Akalandira

Mudzasaina fomu ya umwini kapena ya laisensi, nkhani ya malipiro idzatsekedwa, kenako adzakutumizirani pepala litakonzedwa mmene lidzaonekere, kuti mulione komaliza. Nthawi yake imakhala yochepa, kawirikawiri masiku awiri kapena atatu, choncho ngati mukupita kumudzi kopanda netiweki, siyirani mnzanu wolemba naye udindowu. Apa si polembanso ndime. Yang'anani manambala a m'matebulo limodzi ndi limodzi, poyerekeza ndi fayilo yanu, chifukwa mizere imatha kusuntha. Yang'anani dzina la amene anapereka ndalama ndi nambala ya thandizolo. Yang'anani mayina a olemba chilembo ndi chilembo, makamaka okhala ndi ng' kapena ŵ, omwe makompyuta a osindikiza amakonda kuwasandutsa zizindikiro zachilendo, ndiponso onani kuti dzina la makolo silinasinthane malo ndi dzina loyamba. Pepala likangotuluka ndi nambala yake ya DOI, yolizindikiritsa pa intaneti, kukonza cholakwika kumafuna chidziwitso chapadera chosindikizidwa pachokha, ndipo dzina lolakwikalo limakhala litafalikira kale m'makaundula onse.